Mabaji a alonda

Ndinasoka zaka zambiri pakhonde la sitolo ya nsalu ku Area 1. Eni ake anali bambo achimwenye, achikulire, osalankhulalankhula. Ankandilola kuika makina anga pamenepo pa chifukwa chimodzi: kampani ina yaikulu yogula fodya inkagula nsalu kwa iwo, ine n'kumasoka mayunifolomu a alonda a kunyumba za mabwana ake ku Area 10.

Mvula ikamatha galimoto ya kampaniyo inkaima pakhomo, ndipo msewu wonse unkadziwa kuti chaka chayamba. Mayi wa mandasi ankaonjezera ufa. Wogulitsa njinga ankazipukuta fumbi. Ngakhale anthu amene sanagwirepo tsamba la fodya ankayenda monyada ngati fodyayo ndi wawo.

Chaka china galimoto inabwera mochedwa, ndipo sinagule nsalu. Dalaivala anangotsitsa matumba awiri a mayunifolomu akale.

"Akuti muike zigamba, atelala," anatero, osandiyang'ana.

Ndinapsa mtima. Kampani ya maofesi osanja ku City Centre, kufuna zigamba ngati ine? Koma mkwiyowo sunakhalitse, unasanduka mantha. Bambo a sitolo anagwira malaya amodzi, kuona kolala yothetheka, kenaka analamula kuti nsalu yabuluu ya mayunifolomu ikwezedwe pashelefu yapamwamba. Anangoyang'anitsitsa pamene panali makina anga.

Miyezi yotsatira wailesi inayamba kunena za kusowa kwa ndalama zakunja. Mizere ya mafuta inatalika, mandasi nawo anaonda. Ine ndinali nditaziona kale pa zigamba zija, koma ndikanauza ndani?

Tsiku lina kunabwera mlonda wina wachikulire wochokera kumudzi kuseri kwa Likuni, amene ndinkawayeza chaka ndi chaka. Anaika malaya awo pamakina.

"Chigamba chinanso, bambo?" ndinafunsa.

"Ayi. Mundichotsereko baji iyi. Abwana apita, nyumba atseka. Malaya andisiyira, koma akuti dzina la kampani lisakaoneke kumudzi."

Ndinatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi umene ndinasoka ndekha. Pansi pa bajiyo nsalu inali idakali yatsopano.

Nditadzutsa mutu ndinaona alonda ena asanu ataima pamzere, aliyense malaya kumanja. Kumbuyo kwanga bambo a sitolo anali akuonetsa malo a makina anga kwa mayi wina wogulitsa kaunjika.