Chaka Chomwe Anati Ndagontha

Nthenga ya nkhuku inalowa m'khutu langa lamanja, amayi atandipana mutu pakati pa mawondo awo. Anaipotokola. Ndinatsokomola, misozi n'kutuluka. Kenako anathiramo mafuta a nsatsi ofunda, khutu lonse n'kumalira ngati mtsinje wosefukira. Mpaka lero ndikamva fungo la nsatsi, kukhosi kumandiyabwa.

Inali nyengo ya mvula, chaka chomwe bambo anamwalira. Tinachoka kwa Mposa n'kukakhala ku Utale kwa amalume, mlongo wawo wa amayi. Amalumewo ankagwira ntchito pachigayo. Kale anali kumigodi ku Joni. Ankayankhula mokweza, ndipo munthu akamawauza kanthu ankamuyang'anitsitsa pakamwa. Ine ndinkaona ngati n'chipongwe.

Kwa Mposa Chingerezi ndinkakhoza. Aphunzitsi akumeneko ankatchula liwu lililonse mpaka kumapeto, ngati akusenda chinangwa. Ku Utale, m'Sitandade 5, ndinapeza mayi wachizungu wa ku Amereka amene anabwera kudzera kumishoni. Tinkangoti amadamu. Atayamba kuphunzitsa ndinazizidwa. Mawu ankatulukira m'mphuno, ogwirana ngati therere, osadziwika poyambira ndi pothera. Zinthu zina ankazitchula mayina ena. Chimanga ndinkalidziwa dzina lake lam'buku, iwo anali ndi lawo. Lole chimodzimodzi, thalauza chimodzimodzi.

Anzanga anali atakhala nawo chaka. Makutu awo anali atazolowera, ankayankha. Ine, mlendo, anandiika kumbuyo, pomwe denga linkadontha. Mvula ikagwa pamalata, basi, ndinkangoona mkono ukulemba pabolodi.

Chichewa changanso chinali ndi Chiyao mkati. Nditayankha tsiku loyamba, kalasi yonse inaseka. Panjira ankandiyeseza: "Tanenanso, wakwa Mposa!" Ndinatseka pakamwa. Wondiitana m'Chingerezi sindinkamumva, wondiitana m'Chichewa sindinkamuyankha.

Aphunzitsi aakulu anaitanitsa amayi. Anati mwanayu makutu afa. Kuli sukulu ya ana osamva, yogonera komweko, kutali, ndipo ansembe angathe kumupezera malo teremu ikatha. Ankandifunira zabwino. Sindiwaimba mlandu.

Inenso ndinakhulupirira. Anzanga akumva, ine ayi, ndiye vuto lili kuti? Ndinkaganiza kuti kugontha kumayambira ku Chingerezi, kenako kumafika ku Chichewa, pomaliza kumatenga mawu a amayi. Ndinali nditataya kale bambo. Tsopano ndinkati ndichoka pakhomo, ndikadzabwera amayi azidzangogwedeza milomo. Amayi akandifunsa ngati ndikuwamva ndinkagwedeza mutu. Iwo ankati ngakhale wogontha amagwedeza mutu. Anayamba kusoka kathumba ka nsalu koikamo zovala zanga.

Amayi sanawauze amalume. Nthenga ndi nsatsi zinkatuluka chigayo chikamalira, iwo kulibe. Koma Lamulungu lina anabwera msanga kuchokera kutchalitchi n'kutipeza, mutu wanga uli pakati pa mawondo.

"Mukumuthira chiyani mwanayo, achemwali?"

Amayi anaimirira, anawayandikira, n'kufotokoza zonse mokweza akuwayang'ana kumaso. Amalume anandigwira paphewa n'kukandiimika kuseri kwa khola, nkhope nditalozetsa kunkhokwe. Anati nditembenuke pokhapokha ndikamva zomwe anena. Anabwerera m'mbuyo mpaka pamtengo wa mango.

Anayamba ndi Chingerezi chawo cha ku Joni. Phokoso ndinalimva, logubuduka ngati ngolo pamiyala. Tanthauzo, ng'o. Ndinaima chilili. Kumbuyo amayi anayamba kusisima.

Nkhuku inkapalasa pafupi. Kenako ndinamva kunong'ona, kwapansipansi, m'Chiyao cha kwathu: m'thumba la jekete muli chitumbuwa.

Ndinatembenuka.

Amalume sanayang'ane ine. Anafunsa amayi: "Ndinanena motsitsa?"

Amayi anati iwo amene anali pafupi anangomva pang'ono chabe.

"Khutu lomva chitumbuwa si lakufa," anatero amalume. "Tayani nthengayo."

Amayi anakhala pansi pamatope, ndi chitenje chawo chakutchalitchi, n'kumaseka misozi ili mbwembwembwe. Chitumbuwacho chinalipodi. Ndinachidya ndi khutu lodontha mafuta.

Madzulo amenewo amalume anayankhula kwambiri kuposa masiku onse. Anati kumgodi kunali kapitawo wa Chibunu ndi wina wa ku Sikotilandi. Ankakangana tsiku ndi tsiku, aliyense akuti mnzake sadziwa Chingerezi, chikhalirecho onse azungu. Anati chipewa cha kumgodi chomwecho wina ankachitchula mwina, winanso mwina. Anandifunsa ngati Chiyao cha kwa Mposa n'chimodzi ndi cha anthu a ku Mozambiki odzagula nsomba ku Chilwa. Ndinati iyayi. Anati nanga azungu ndi ndani kuti onse ayankhule mofanana?

M'mawa mwake anatsekula chigayo, anagaya matumba a anthu oyambirira, n'kusiyira mnzawo. Anafika kusukulu ali mbuu, ufa mpaka m'nsidze. Ana anatuluka kudzaonerera. Pakhonde anakumana ndi amadamu. Amalume anayamba ndi cha ku Joni, amadamu anapendeketsa mutu. Amadamu anayankha ndi cha ku Amereka, amalume anayandikira n'kuwayang'anitsitsa pakamwa. Anabwereza onse awiri. Zinakanika. Aphunzitsi aakulu analowa pakati ndi chawo chomwe anaphunzira ku Zomba, n'kumatenga mawu kuno kupereka uko. Chingerezi chokhachokha, koma ndi womasulira. Amadamu ndi amene anayamba kuseka. Aphunzitsi aakulu anavomera kuti iwonso miyezi yoyamba ankangoti "yesi, yesi" osamva kanthu.

Amadamu anagwada kuti tifanane msinkhu. Ananena dzina langa, molipinda, n'kuyankhula pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi. Anandifunsa ngati ndikufuna kukhala kutsogolo. Ndinamva. Ndinayankha. Aphunzitsi aakulu anati za sukulu yakutali zatha.

Sindinganene kuti zonse zinatseguka tsiku lomwelo. Zinatenga nthawi. Koma pofika nyengo yootcha mondokwa, therere lija linali litalekana, mawu akuima paokhapaokha. Kathumba ka nsalu kaja amayi anakasandutsa konyamulira makope. Anzanga ankandiyesezabe, koma ndinkawayankha.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekera Sitandade 8. Lero ndimawotcherera zitsulo ku Balaka. Pamalo panga pamabwera Amwenye, madalaivala a ku Zimbabwe, ansembe a ku Nijeriya. Aliyense ndi Chingerezi chake. Ndikapanda kumva sindichita mantha. Ndimazimitsa makina, n'kumuyang'ana munthuyo pakamwa.

Zimenezi anandiuza amalume tsiku lomwe lija, tili pachipata cha sukulu. Anawerama, ufa ukugwera pamalaya anga.

"Uziyang'ana pakamwa, mphwanga. Milomo imayamba kunena, mawu amabwera pambuyo."

Sindinawafunse kuti anazidziwa bwanji. Sindinadziwe chifukwa chomwe amayi ankabisira nthenga iwo akabwera, kapena chomwe amalume anafunsira amayi ngati ananong'onadi. Mgodi unali utadya kale makutu awo, chigayo chikumalizitsa. Nkhaniyi ankaidziwa awiri okha, iwo ndi mlongo wawo.

Anatembenuka n'kulowa njira ya kuchigayo. Ndinakumbukira kuti sindinathokoze.

"Amalume!"

Anali pafupi, mwala ukanawapeza. Ndinaitananso mokweza, mpaka ana a m'kalasi anasuzumira pazenera. Ndinkati akwiya chifukwa ndawachotsa pantchito. Iwo ankangopita, msana uli woyera ndi ufa, akulumpha zithaphwi, mpaka chimanga chinawabisa.