Nyimbo Yanga M'kawailesi ka Aphunzitsi

Kawailesi kaja kanali kakuda, kokwana m'thumba la malaya, ndipo kanali ndi kadiso kofiira kamene kankayaka kakamajambula mawu. Ndinkadana nako ndi mtima wanga wonse.

Aphunzitsi anabwera nako kumudzi kwathu, kufupi ndi Sinda, titangomaliza kukolola. Boma linali litapereka ndalama zoti nyimbo za pamtondo zijambulidwe n'kusungidwa, poti zigayo zinali kuzimaliza. Aliyense anawalozera kwa amayi.

Amayi ankakonola chimanga ndi ine. Musi wanga unali waufupi, wosemedwa ndi amalume, ndipo panali nyimbo imene amayi anapekera ine ndekha, yondiseka kuti ndimamwaza mphale ngati nkhuku zandilemba ganyu. Koma aphunzitsi atamvetsera tsiku loyamba anapukusa mutu. "Kamwanaka kakusokoneza, amayi. Palibe wamkuluko?" Amayi anaitana msuweni wanga, mwana wa amalume, wamtali ngati bango.

Nsanje inandigwira. Chilimwe chonsecho ndinkakhala pansi pa nkhokwe, gaga akuuluka, fungo la chimanga chonyowa lili m'mphuno, ndikumva misi iwiri ikulandizana pamtondo wathu. Msuweniyo ankachita kuponya musi m'mwamba n'kuwomba m'manja, ngati kawailesiko kali ndi maso oonera! Mpaka lero ndikakumana naye pamsika wa Katete moni wanga amatuluka mochedwa.

Chinandipweteka koposa n'chimene amayi anauza aphunzitsi: "Tiyambe ndi ya mwana wangayi, zinazo zidikire." Aphunzitsi anati ana a ku Chipata ndi ku Lusaka adzaimva kusukulu. Nyimbo yanga! Amayi ankaima kawirikawiri, atatsamira musi, akutsokomola, kenaka n'kunena kuti, "Tibwereze, sinamveke bwino." Ine ndinkati akungofuna kukondweretsa alendo.

Chimanga cha chaka chotsatira tinakolola amayi kulibe.

Masiku ano nyimbo zija aliyense akhoza kuzimvera pafoni, mwaulere. Musi wachiwiriwo ndi wa msuweni, ndipo ndisaname, umandiwawabe. Koma pakati pa nyimboyo amayi amatchula dzina langa kawiri, mpweya ukuwathera. Pansi pa nkhokwe paja ndinkalira kuti akugawira ana a eni nyimbo yanga. Sindinkadziwa kuti akusungira ine.