Kansalu ka a Musapume

Dzina lawo lenileni lilipo, ndipo anamangitsira ukwati, koma mukalitchula pachipatalapo anthu amangoyang'anana. Nenani kuti mukufuna a Musapume, ngakhale wokolopa akulozerani ndi mopu: tsatani khonde, mudutse poyezera magazi, chitseko chomaliza chokhala ndi getsi lofiira pamwamba. Dzinali linachokera ku ntchito. Wodwala akaima pa makina a ekisileyi, chifuwa atagunditsa pa chitsulo chojambulira, bambowa amafuula ali kuseri kwa galasi kuti, "Kokani mpweya! Musapume, musapume!" Makina akalira, amati, "Pumani tsopano." Anawanena mawuwa zaka zochuluka moti ana a manesi anakula akuganiza kuti ndi dzina la ubatizo.

Ndi bambo wamfupi, wadazi, wokonda kukweza thalauza mpaka pamchombo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti akati musapume, nawonso amaleka kupuma. Sisitala wa kuwodi ya amuna, mnzawo wakalekale amene amanyozana naye ngati msuweni, anawapeza tsiku lina masaya atatupa, maso ali tong'o. Anawafunsa ngati nawonso akujambulidwa. Iwo anati, "Nanga ndikamugwiritsa munthu mpweya ine ndikupuma mwaufulu, ndidziwa bwanji kuti watopa?"

Koma vuto lawo lalikulu linali nkhope. Pali anthu amene ungawauze kuti nyumba yawo yapsa, iwo n'kupitiriza kumwa tiyi osaphethira. A Musapume sanapatsidwe mphatso imeneyo. Chimene chili mumtima mwawo chimafika pa nsidze asanatsegule pakamwa. Akazi awo, omwe ndi telala pakhonde la sitolo ina, anawauza kalekale kuti, "Inu abambo, kunama musamayese n'komwe. Mumavutika chabe." Chaka china anawagulira mayiwo nsapato mobisa, koma atangolowa pageti mayiwo anafunsa kuti, "Ndi saizi yanji?"

Tsono ntchito yawo ili ndi lamulo: wojambula sauza wodwala zimene waona. Kumasulira chithunzi ndi kwa adokotala. Komatu munthu amene wayang'ana mapapo a anthu moyo wake wonse sangalephere kuona mthunzi pamene sipayenera kukhala mthunzi. Amaona, ndipo mtima umawawa.

Kale chimene chinkawapulumutsa chinali chipinda chamdima. Akajambula munthu, ankatenga filimu n'kukadzitsekera m'kachipinda kopanda windo, mowala kagetsi kofiira basi. Ankaiviika m'mankhwala otsukira, kuitsukuluza, kuiviikanso, nthiti n'kumaoneka pang'onopang'ono. Mankhwalawo ankanunkha moti akazi awo ankachapa malaya awo paokha, ndipo zala zawo zinada ngati za munthu wosuta fodya. Otha ntchito ankathiridwa m'dzenje kuseri kwa nyumbayo, pomwe udzu unakana kumera. Magetsi akathima, odwala ankabwezedwa. Palibe amene angachisowe chipinda chotero, koma iwo ankachikonda, chifukwa chithunzi ankachiona ali okha. Chikakhala choipa ankayedzamira pasinki, kuusa moyo, nthawi zina kupukuta msozi, n'kusamba kumaso. Akamatuluka amakhala atavala nkhope yantchito, n'kunena mwamtendere kuti, "Pitani nacho kwa adokotala."

Kenako kunabwera makina atsopano. Amisiri anakhoma padenga masola okolola mphamvu ya dzuwa, anaika mabatire m'chipinda chamdima chija, mabeseni a mankhwala n'kutulutsidwa kunja. Makinawa safuna filimu kapena mankhwala, ndipo cheza chimene amalowetsa m'thupi la munthu n'chochepa. Magetsi a mumzinda akathima, iwo alibe nazo ntchito. Ukangodina batani, chithunzi chafika kale pa sikirini, ndipo kompyuta imazunguliza kamzere kachikasu pamalo amene ikuwakayikira, kuti adokotala ayang'anepo bwino.

Anthu ankayembekezera kuti mkuluyu adzanyinyirika, monga amachitira akuluakulu ena akaona zachilendo. Ayi ndithu. Anaphunzira ndi mtima wonse, magalasi ali pamphuno, akudina ndi chala chimodzi. Kunyumba anawatopetsa akazi awo ndi nkhani za makinawo. Ankati, "Mayi, dzuwa lomweli limene limakuumitsirani zovala, ife tikuonera nalo mapapo!" Mayiwo anati chimene chawasangalatsa iwo n'chakuti tsopano malaya a abambo akulowa mu beseni limodzi ndi zovala za anthu.

Koma sabata yoyamba isanathe, panachitika zimene iwo sanaziganizire. Kunabwera mayi wina wogulitsa makala, wochezeka, amene anavula malaya akuseka. A Musapume anafuula mawu awo aja, anadina batani, chithunzi n'kutulukira pomwepo. Papo lakumanzere linali loyera mbuu. Atakweza maso anapeza mayiyo watembenuka, akuwayang'ana pagalasi. Mayiwo sanafunse kanthu. Anangokhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira. Adokotala atamuona anapeza kuti anali madzi ochoka ndi mankhwala, ndipo mayiyo anachira, koma ulendo wochoka ku ekisileyi kukafika kwa adokotala anauyenda ngati munthu womwalira kale.

Tsikulo a Musapume anafika kunyumba atafooka. Anakhala pampando osavula nsapato, ndipo akazi awo sanachite kufunsa ngati kuli vuto, anangofunsa kuti, "Ndi ndani?"

Anawafotokozera zonse, za sinki, za kusamba kumaso, zimene sanauzepo munthu chiyambire ntchito. "Makinawa ndi abwino, mayi, koma andilanda pobisala. Akuthamanga kuposa nkhope yanga."

Mayiwo anatenga tepi yawo yoyezera n'kuwapatsa. "Mawa mukayeze kompyuta yanuyo, mulitali ndi mulifupi. Musalakwitse ngati mmene munalakwitsira makatani."

Mayiwo anasoka kansalu kobiriwira, kopinda bwino m'mbali, kokhala ndi lasitiki kuti kazigwira pamwamba pa sikirini. Kuyambira pamenepo a Musapume ankajambula sikirini itaphimbidwa. Akati "pumani tsopano", ankauza wodwala kuti akavale kuseri kwa katani, ndipo pamenepo m'pamene ankakweza kansalu n'kuyang'ana. Wodwala akamamaliza kumanga mabatani, nkhope yantchito imakhala itabwerera. Sisitala anaseka mpaka kugwira chitseko. "Makina odula chonchi, ochokera kutali, inu mwawaveka kabudula!" Koma palibe anakachotsa, ngakhale adokotala.

Mvula itatha, akazi awo anayamba kutsokomola. Poyamba ankati ndi fumbi la nsalu. Kenako anati ndi mphepo ya pakhonde. Koma a Musapume ankamva chifuwacho ndi makutu a ntchito, ndipo anaona kuti mayiwo abweza siketi yawo m'chiuno mwakachetechete, poganiza kuti mwamuna saona zotere. Ankadzuka m'mawa pilo atanyowa thukuta. Bambowo anachita mantha kwambiri, mantha amene anawalanda njala. Anali ataona zithunzi zambiri za anthu amene anabwera mochedwa.

"Mawa tipitire limodzi," anatero.

"Ndili ndi madiresi a anthu a kwaya."

"Akwaya aimba ndi akale omwe. Mayi, chonde."

Mayiwo anawayang'ana kumaso, n'kuona kuti kukana sikuthandiza. Anangoti, "Chabwino, koma musandiyendetse ngati wodwala pamaso pa anzanu."

Adokotala atawapima anawatumiza ku ekisileyi. Sisitala anawaperekeza, ndipo tsikulo nthabwala zinamuthera. Anakokera a Musapume pambali n'kuwanong'oneza kuti, "Achimwene, bwanji awajambule mnzanu wojambula masana? Izi si zoti munthu achite yekha."

Mayiwo anamva. "Ayi, Sisitala. Wajambula tauni yonseyi, ine ndiye andithawe? Andijambule yemweyu."

Analowa awiri. Aka kanali koyamba kuti mayiwo aone chipinda chimene chinawadyera mwamuna zaka zonsezi. Anayang'ana makina, anayang'ana katani, n'kunena kuti amene anasoka kataniyo sadziwa kupinda. Anavula bulauzi n'kuvala mwinjiro wa chipatala. A Musapume anayamba apukuta chitsulo chojambulira ndi chikhato kuti chisazizire, monga amachitira ndi aliyense, kenako anawaimika bwino, chibwano pamwamba, manja m'chiuno, mapewa kutsogolo. Mapewawo anali atachepa.

Bambowo atalowa kuseri kwa galasi, anamva mawu.

"Abambo."

"Mayi?"

"Chotsani kansaluko."

Anayesa kuseka. "Ndi lamulo la muno, mayi. Aliyense timatero."

"Lamulo lanji? Ndinasoka ndine. Ndikudziwa ntchito yake." Anatembenuza mutu n'kuwayang'ana. "Anthu enawo muziwabisira, n'chifundo. Koma ine sindinakwatiwe ndi nkhope yantchito. Ngati kuli zolira, musakalire nokha kuseri kwa kansalu kanga ine ndikumanga mabatani. Ndikufuna ndimve kwa inu."

"Sindiloledwa kunena."

"Ndani wati munene? Ingoyang'anani basi."

A Musapume anachotsa kansaluko, anakapinda, n'kukaika m'thumba la malaya. Sikirini inali yakuda, ikudikira. Anawauza mayiwo kuti abwezere chibwano pamalo pake, ndipo mawu amene anawatchukitsa aja anatuluka osasa. "Kokani mpweya. Musapume, musapume." Nawonso anakoka wawo, n'kudina batani.

Chithunzi chinabwera nthawi yomweyo. Nthiti, msana, mtima wa mayi amene anagona pambali pawo kuyambira ali mnyamata wa tsitsi. Maso awo anathamangira pansi, pomwe zoopsa zazikulu zimakonda kukhala. Panali poyera bwino. Anakwera m'mwamba, ndipo pamwamba pa papo lakumanja, kuseri kwa fupa la phewa, panali kamthunzi kosaposa chikhadabo, kompyuta itakazunguliza kale ndi kamzere kachikasu. Anakadziwa. Kotereka kawirikawiri kamakhala chifuwa chachikulu chikungoyamba, matenda a miyezi ya mapiritsi ndi kuyeza makhololo, koma ochizika. Pa filimu yakale ija kakanatha kubisala kuseri kwa fupalo, iwo n'kuwauza akazi awo kuti ndi fumbi la nsalu.

Mayiwo anali atatulutsa kale mpweya okha, poona kuti wowauza waiwala. Anatsokomola, anatembenuka, n'kuima manja ali m'chiuno, akuwerenga mwamuna wawo pagalasi monga ankachitira akalowa pageti. Anaona nsidze zikukwera, zikutsika, anaona msozi umodzi ukutsetsereka mpaka pachibwano.

"Chilipo," anatero mayiwo.

Bambowo anawayang'ana kudzera pagalasi.

"Chilipo, koma mwachipeza msanga. Nkhope yanu ya maliro ndimaidziwa, si imeneyi."

Bambowo anangoima, masaya atatupa, dazi likuchita thukuta, chala chidakali pa batani. Mayiwo anayenda ndi mwinjiro wawo wa chipatala uja, anazungulira galasi, n'kulowa mmene odwala saloledwa kulowa. Anachotsa chalacho pa batani, n'kuika dzanja lawo pachifuwa cha mwamuna wawo.

"Abambo," anatero, "pumani tsopano."