Botolo Lopanda Pepala

Usiku watha ndinalota zinthu zoti sindingathe kuzisunga ndekha, choncho ndakhala pansi kukulemberani inu anzanga amene tinapumira limodzi pantchito. Dziwani kaye kuti mwana wanga Lameki, uja amalima tomato kudimba, wakhala asali bwino m'mutu kwa miyezi inayi tsopano. Sagona, amapsa mtima ndi zinthu zopanda pake, ndipo masiku ena amangokhala duu kuyang'ana khoma. Amalume ake, a Chisale, agamula osandifunsa kuti Loweruka likubwerali amumange n'kupita naye kwa sing'anga. Ine ndikuti kuchipatala.

Ndiye m'malotomo anali masana, dzuwa lili paliwombo. Ndinali kudimba nditavala jekete, nditakwapatira chikwatu changa cha mapepala, chija mumandiseka nacho. Lameki anali atabereka mpope wopopera mankhwala, wopanda malaya, wopanda nsapato, monga achitira masiku onse. Mpopewo unatsekeka. Iye anamasula kansonga kake n'kukaika pakamwa kuti akauzire. Ndinakuwa kuti aleke, koma mawu sanatuluke. Anauzira, ndipo malamba a mpope aja anamira m'mnofu wa mapewa ake mpaka osaonekanso.

Kenako anatola chikwanje. Anayamba kutema tomato wake yemwe, mzere ndi mzere, ndipo tomato aliyense ankaphulika magazi otentha amene ankandigwera pajekete. Atamaliza tomato anatema mitengo yochirikizira, anatema chitini chothirira, anatema pakhosi mbuzi ya eni ake imene inkadya udzu m'mbali. Sankaoneka wokwiya ayi. Nkhope yake inali ya munthu amene akupalira m'munda.

Ndiye dimba lija linasanduka bwalo la pakhomo panga. A Chisale anali pomwepo ndi amuna anayi, atatenga chingwe chomangira ng'ombe. Anamugwetsa chafufumimba, wina kumuponda pakhosi, wina kumupotokola mkono mpaka ndinamva fupa likuthyoka. Mpongozi wanga Esinati, mkazi wa Lameki, anali chakumbali akusenda mbatata ngati palibe chimene chikuchitika.

"Alamu, tachokanipo apa," anatero a Chisale. "Mwanayu ndi wa kwathu. Inu kawerengeni timapepala tanuto."

Timapepala. Ndinapsa mtima. Ndinatsegula chikwatu pamaso pawo, ndipo zonse zinalimo mwa dongosolo lake: khadi la Lameki la kusikelo, kalata ya ubatizo, ndi buku la kuchipatala momwe adokotala analemba kawiri kuti anafika akusanza ndi kutuluka dovu chifukwa cha mankhwala a mbewu. Ndinkaloza ndi chala kuti onani apa, za m'mutuzi zinayamba pambuyo pa tsiku ili, palibe anamulodza. Koma zilembo zinayamba kukwawa ngati mbozi n'kumagwera pansi, nkhuku n'kumazitola. Amuna aja ankaseka, mwendo uli pakhosi pa mwana wanga.

Kenako Lameki anadzuka, chingwe chikadali m'thupi, n'kundigwira pakhosi ndi mkono wothyoka uja. Kudzanja linalo anali ndi botolo la zakumwa, lodzaza ndi madzi oyera ngati mkaka. Ndinalizindikira nthawi yomweyo. Ndine amene ndinamugulira kumsika, kwa munthu woyala malonda pansi, amene amathira mankhwala m'mabotolo otola, opanda dzina, opanda malangizo. Ine, munthu wosataya ngakhale tikiti ya basi, sindinafunse kanthu tsiku limenelo.

"Ababa," anatero mwaulemu ndithu, "pepala la ili lili kuti?"

Anandipanikiza pa nkhokwe n'kuyamba kundimenya ndi botololo pamphumi, kamodzi, kawiri, kachitatu, uku akubwereza funso lomwelo. Botolo silinasweke. Unasweka ndi mutu wanga, ndipo munkatuluka mapepala okhaokha, onse oyera, osalembedwa kanthu.

Apo m'pamene ndinadzidzimuka, m'kamwa mukuwawa ngati ndatafuna nimu.

Kutacha ndinapita m'kanyumba kosungiramo makasu. Botolo lilimodi, latsala theka. Ndalikulunga m'pulasitiki n'kulitsekera m'bokosi, kiyi ali m'thumba mwanga. Lameki ndinamupeza pakhonde, ndinamupatsa moni, iye n'kungoyang'ana khoma.

Ndiye anzanga, ndimasulireni. Kodi malotowa akuti ndinyamule mwana ndi botololi kupita nazo kuchipatala Loweruka lisanafike, ngakhale chibale ndi a Chisale chithere pomwepo? Kapena akuti ndiyambe ndaimirira pamaso pa banja lonse n'kuulula kuti wogula ndinali ine? Wina asandiuze kuti ndinakhuta kwambiri madzulo, chifukwa ndinangomwa tiyi wopanda chomwera. Yankhani msanga. Lero ndi Lachinayi.