Zito ndi nyani kumunda wa kuphiri

Mwadzuka bwanji nonse.

Dzulo ndinakagona kumunda wa kuphiri uja ndi Zito, poti abambo ake akadali kuchipatala ndipo anyani ayamba kuthyola chimanga. Ndikanamusiyira ndani mwana woti akuyamwabe?

M'mawa uno ndadzuka m'khumbi, mwana palibe. Ndamupeza atakhala pachulu, akumulozetsa nyani wamkulu chimanga chake chootcha kuti alandire. Nyaniyo anali pafupi ngati khomo ndi nkhokwe. Sindinakuwe, ndangomunyamula mwanayo.

Apongozi akuti ndisapitenso. Koma tikausiya mundawo, nthawi ya njala Zito yemweyu adzadya chiyani? Madzulo ano ndikukweranso, ndipo pogona ndimumangirira kumwendo kwanga ndi nsalu.

Amalume, mundiletsa kapena mundibwereka galu wanu?