A Sainani Ayankha Akuba

Pa 9 Okutobala m'mawa, munthu wopanda nkhope analowa m'nyumba mwa a Sainani osagogoda. Analowera pa kompyuta. Imelo yake inavala chizindikiro cha kampani imene inapanga pulogalamu ya m'kompyutamo, mtundu womwewo, zilembo zomwezo. Inkati chitetezo chatha mphamvu, dinani apa msanga tikonze, apo ayi zonse zili m'menemo zifufutika.

A Sainani anagwira ukalaliki wa kukhoti mpaka tsitsi linayera. Dzinali anawapatsa ndi anthu obwera pa windo lawo, chifukwa moni wawo unali umodzi: "Sainani apa." Anapuma ntchito akukhulupirira kuti kalata iliyonse iyenera kuyankhidwa, ndipo wosayankha kalata sanaleredwe. Analemberapo a madzi za paipi yodontha, a basi za kondakitala wamwano, a wailesi za muulutsi womeza mawu. Ambiri sanayankhe, monga achitira anthu a masiku ano, ndipo a Sainani sanaiwale ndi mmodzi yemwe.

Kompyutayo inali pa tebulo la pakona, pafupi ndi makina osokera amene palibe anawagwiranso chimwalirire mayi a kunyumba. M'kompyutamo munali mawu a malemuwo akuyimba uku akusita zovala. Mwana wawo wamkazi, namwino, ndiye anawajambula mozemba n'kusungira bambo ake. Dzuwa likapendeka a Sainani ankamvera nyimboyo, n'kutseka.

Kudina sanadine. Namwino anali atawachenjeza kale, ndipo adiresi ya wotumizayo inali ndi mchira wachilendo. Koma kusiya kalata ili chigonere osayankhidwa kunawakanika. Anavala magalasi n'kulemba monga analembera moyo wawo wonse: pamwamba dzina lonse, nambala ya nyumba ndi ya foni, pansi pake chidzudzulo. Anamuuza wotumizayo kuti ndi wabodza, ndipo afotokoze.

Anafotokoza ndithu. Maimelo anayamba kugwa ngati matalala. Foni inkalira a Sainani ali m'bafa, ali pa chakudya, mawu aulemu akuwatchula dzina lonse, akuti ndife a kampani, tsegulani kompyuta tikuthandizeni.

Loweruka namwino anafika, nawerenga zonse ataimirira, chikwama chili paphewa.

"Bambo, mwayankha akuba?"

"Ndawadzudzula."

"Mwawapatsanso nambala ya foni."

"Kalata yopanda adiresi ya mwini wake ndi ya amantha."

"Ndiye mwawauza kuti pakhomo pano pali nkhalamba yoyankha. Kompyutayi ndikutenga. Tsiku lina adzakupezani mutatopa, mudzadina, amayi adzapita kachiwiri."

Anawerama kuti azule chingwe. A Sainani anaika dzanja pa kompyutayo.

"Iwe, kulemba dzina lako ndinakuphunzitsa ndine."

"Eya, koma simunati ndizipatsa mbava. Tandiuzani, kukhoti kwanu kuja, munthu akaberedwa ankakadandaula kwa wakubayo?"

A Sainani anayang'ana kompyutayo. Dzanja sanachotse.

"Nanga khoti lake lili kuti?" anafunsa potsiriza. "Ndisonyeze windo."

Namwino anatula chikwama. Analemba yekha adiresi yeniyeni ya kampaniyo, osadutsira pa imelo ija, napeza pamene amalandirira mauthenga achinyengo oyenda m'dzina lawo. Anawasonyeza kutumizako imeloyo monga inabwerera, osadina chilichonse m'kati mwake, kenako kuilemba kuti ndi yachinyengo n'kuifufuta. A Sainani anabwereza okha, chala chimodzi, mpaka bokosi la maimelo linayera.

"Kompyuta ikhala," anatero namwino ali pakhomo. "Koma ndikangomva kuti mwayankhanso mbava, kapena mwacheza nazo pa foni, ndibwera ndi katoni."

"Pita ukabaye anthu ako majekeseni."

Chiyambire tsikulo, mphaka wawo asanadye, a Sainani amakhala atatumiza kale ku kampani maimelo achinyengo a m'mawa umenewo. Foni yachilendo amaidula osapereka moni, ngakhale mtima umawawa. Akuba achepa. Nyimbo ija ilipobe.

Chimene chawakhala pakhosi ndi kampani yeniyeniyo. Dandaulo lililonse limabwera ndi yankho limodzi, lolembedwa ndi makina: talandira, musayankhe uthengawu. Musayankhe! Munthu akukutolerani zinyalala zotayidwa m'dzina lanu, inu n'kumutseka pakamwa. Lamulo losayankha kampani namwino sanaikepo, choncho a Sainani avalanso magalasi, ndipo alembera kampaniyo pa windo lomwe lija:

"Anthu akuba m'dzina lanu, ndipo ndakutumizirani umboni. Mwachitapo chiyani? Andiyankhe munthu wa dzina, ndipo asaine."