Tsiku limene a Kachingwe anagwiranitsa ana manja

A Kingstone Kachingwe anabadwira ku Dedza, koma zaka zawo zonse za uphunzitsi anathera kuno ku Mangochi, pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Namwera. Ankaphunzitsa sayansi popanda labotale. M'kabati mwawo munkakhala choko, botolo la mchere, ndi katoni ya timipira tadongo timene ankaumba okha n'kumatilumikiza ndi timitengo ta tsache, poonetsa mmene maatomu amagwiranira. Ambiri amawakumbukira ndi timipirato. Ndi ochepa amene akudziwa kuti poyamba sankatero.

Poyamba ankagwiritsa ntchito ana eni akewo. Ankaitana awiri kutsogolo, wina akhale sodiyamu, wina kolorini. Sodiyamu ankapatsa mnzake chitsekerero cha botolo, choimira elekitironi, kanthu kakang'ono kozungulira m'mphepete mwa atomu. "Uyu wapereka, uyu walandira, tsopano akukokana. Umenewu ndiye mchere." Ana ankaseka, koma phunziro linkalowa. A Kachingwe nawonso ku sukulu ya mishoni kwawo anaphunzira chomwecho, ndipo panalibe wodandaula.

Lachitatu lina mu 2004 anafika pa phunziro la madzi. M'madzi mulibe wopereka ndi wolandira, anatero. Maatomu amagawana maelekitironi, ngati anthu ogwirana manja. Okosijeni mmodzi pakati, haidrojeni awiri m'mbali. Anaitana Sumaiya, mtsikana wa Fomu 3 amene ankakhoza kuposa onse, ndi anyamata awiri, Shafi ndi Uladi.

"Gwiranani manja."

Sumaiya anabisa manja pansi pa mpango wake wautali.

"Aphunzitsi, bwanji tingogwira lula, uyu uko, ine kuno?"

"Sayansi ilibe manyazi, iwe. Fulumira, nthawi ikutha."

Anagwira. Kumbuyo wina anakuwa kuti, "Mkazi mmodzi, amuna awiri! Ukwati uli liti?" Kalasi yonse inafa ndi phwete. A Kachingwe nawonso anamwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko ndi kumene sikunawachoke m'mutu. Atabwerera pampando pake, Sumaiya anakweza dzanja kuti afunse kanthu. Belu linalira. "Ufunsa mawa," anatero a Kachingwe, akusonkhanitsa choko.

Mawa lake Sumaiya sanabwere. Amene anabwera ndi amalume ake, Che Sulemani, atavala mkanjo woyera. Mu ofesi ya ahedi sanakweze mawu. Anangoti mwana wamkulu kale, wa m'nyumba ya Chisilamu, wagwiritsidwa manja a amuna pamaso pa anthu, ndipo mudzi wonse ukuimba nkhaniyo. Sukulu yotere iwo ayi. Isanathe miyezi itatu kunamveka kuti Sumaiya wakwatiwa ku Katuli.

Sabata yomweyo a Kachingwe anayamba kuumba dongo. Sanauze munthu chifukwa chake. Oyendera sukulu akawayamikira kuti timipirato ndi nzeru, iwo ankasintha nkhani. Koma chaka chilichonse akafika pa madzi, akangonyamula kampira ka okosijeni, ankaona dzanja lili m'mwamba pa mzere wachitatu, pamene panalibe wokweza dzanja. Tsiku lina anachita kuyankha mokweza kuti, "Inde, funsa." Ana anangoyang'anana.

Atapuma pantchito sanafulumire kubwerera ku Dedza. Akazi awo, a Lizzie, ankawafunsa chimene akudikira. A Kachingwe ankadziwa kuti Sumaiya anabwerera kuchokera ku Katuli, kuti amagulitsa mchere ndi soda pamsika wa Namwera, ndipo tsopano amadziwika kuti Abiti Hafiz. Kwa zaka zambiri mzere umene ankagulitsirapo ankaulambalala, mchere n'kumakagula ku golosale. Kenako a Lizzie anatopa, anapangana ndi wa lole kuti adzanyamule katundu Loweruka. Lachinayi m'mawa a Kachingwe anavala jekete n'kupita kumsika.

Anamupeza atakhala kuseri kwa mulu wa mchere pa lichero.

"Zikomo, mayi."

"Ii, aphunzitsi! Mwakalambatu. Ndimakuonani mukuzembera kwa akaunjika uko, ndimati kapena mchere wangawu ndi wa shuga."

Iwo anayesa kuseka, koma sizinatheke. Anavula chipewa.

"Ndikupita kwathu mkuja. Ndabwera kudzapepesa. Tsiku lija munanena za lula, ine sindinamve."

Abiti Hafiz anasalaza mchere m'kambale ndi chala.

"Amalume anali atayamba kale kukambirana ndi anthu a ku Katuli," anatero. "Amene ankakana ndi mayi anga, ati ndithe kaye Fomu 4. Tsiku limene lija mayi anasowa chowakanira."

A Kachingwe anadikira mawu ena, oti zinatha, kapena oti sizidzatha. Sanabwere.

"Komatu funso langa simunayankhe."

"Funsani."

"Munati mchere umagwirana mwamphamvu, moti moto wa pamafuwa sungausungunule. Nanga bwanji ndikauthira m'madzi ozizira umangosowa? Tsiku lililonse ndimaona zimenezi."

A Kachingwe anagwada pambali pa lichero, mawondo akulira, n'kujambula ndi chala pa mchere pomwepo. Okosijeni, anatero, amakokera kwa iye maelekitironi ogawana aja. Ndiye kachidutswa kalikonse ka madzi kali ndi mbali ziwiri: ina imakoka sodiyamu, ina imakoka kolorini. Kamodzi pakokha sikangathe kanthu. Koma timabwera tambirimbiri, n'kuzinga aliyense payekha, mpaka kumuchotsa pakati pa anzake.

"Ndiye ndi kuchuluka basi."

"Ndi kuchuluka."

"Madziwo akauma?"

"Mchere umabwerera."

"Aliyense ndi mnzake yemwe uja?"

A Kachingwe anayang'ananso chojambula chawo.

"Ayi. Aliyense amangogwirana ndi amene wapezeka pafupi."

Abiti Hafiz anagwedeza mutu, ngati mwana amene wamva bwino phunziro. Anafafaniza chojambulacho ndi chikhato, chifukwa kunali kutafika mayi wofuna mchere wa usipa wake.

A Kachingwe anadzuka. Anatambasula dzanja kuti atsazike, n'kukumbuka lili kale m'malere. Analibweza pang'onopang'ono, naliika pachifuwa monga amachitira anthu akuno. Mayiyo anachita chimodzimodzi, maso ali pa kambale.